Kankhalango Kanga ka ku Mchengautuwa

Akazi anga anandiletsa kukamba nkhaniyi pagulu, ndiye ndaganiza zongoilemba. Inandichitikira ku Mzuzu, m'mawa kunja kukuwala, nditavala thilakisuti yofiira, ndipo mboni yake anali munthu amene sankayenera kundiona n'komwe. Mpaka lero ndikaikumbukira ndimafuna kulowa pansi.

Ndiyambe ndi kudziulula. Pa chiphaso changa analemba kuti kwathu ndi ku Dedza, koma ine ndinabadwira ku Kawale, kukulira ku Kawale, ndipo kumudzi ndinkangopitako pa holide kukadya mango n'kubwerako ndi matekenya. Komabe mukandimva ndikulongosola za moyo wa kumudzi mungaganize kuti ndinaweta mbuzi mpaka kumera ndevu. Matenda anga ndi amenewo: chinthu ndikachimva kamodzi, basi ndakhala katswiri wake.

Boma litandisamutsira ku Mzuzu tinavutika miyezi itatu kusaka nyumba. Tinkagona m'chipinda chimodzi kwa mnzanga wa kuntchito ku Katawa, makatoni ataunjikana mpaka kudenga, akazi anga akuphikira pakhonde la eni ake. Kenako tinapeza nyumba kumapeto kwa Mchengautuwa, kumene nyumba zimathera n'kuyamba minda. Zipinda zitatu, mpopi pakhomo, kadimba kuseri. Eni ake anali adada Gondwe, mphunzitsi wopuma, wamasiye, amene ankakhala m'nyumba yakutsogolo pa puloti yomweyo. Munthu wofatsa, wolankhula ngati akuwerenga mawu ake.

Tsiku lolowa, akazi anga anazungulira nyumba yonse, kugwira zitseko, kutsegula mpopi n'kutsekanso. Atatha anandiyang'ana.

"Bambo a Chisomo, nyumba iyi ndaikonda. Chonde, pano musachitepo zanu zija."

(Zanga zijazo ndi zakuti ku Lilongwe tinasamuka kawiri chifukwa ndinkaphunzitsa eni nyumba mmene akanamangira nyumba zawo. Ndimakhulupirirabe kuti ndinkanena zoona.)

Ndinalonjeza. Ndipo kunena chilungamo ndinalibe nthawi yolimbana ndi munthu, chifukwa adokotala anali atandipatsa ntchito. Anati magazi akuthamanga, mimba nayo yatsogola kwambiri, ndiziyenda m'mawa uliwonse. Ndinapita pa kaunjika mumsika waukulu, ndinagula thilakisuti yofiira ija ndi nsapato zothamangira, ndipo Lolemba lotsatira ndinatuluka tambala atangolira kachitatu.

Amene simunayendepo m'mawa ku Mzuzu, mukuphonya. Chifunga chimakhala chitagona m'madambo, nthochi zikudontha mame, mphepo yozizira ikukulowa m'mphuno mpaka misozi. Apumbwa amayamba phokoso kusanayere, njiwa zikuyankhira patali. Ine wozolowera fumbi la ku Lilongwe ndinkangoima n'kumapuma mpweya ngati wina andilanda. Ndinaphunziranso moni wake. Aliyense wokumana naye ndinkamuponyera "Mwawuka uli!" mokweza, iye n'kuyankha "Tawuka makola, kwali imwe?" ine n'kumaliza ndi "Yewo chomene!" Sabata isanathe ndinkadziona ngati mbadwa.

Sabata yachiwiri ndinatenga kanjira kodutsa m'minda, kutsetserekera kudambo n'kukwera kutsidya. Kumeneko ndi kumene ndinakaona. Pakati pa minda yolimidwa mbee panali kankhalango ka mitengo yachilengedwe, misuku ndi miombo ikuluikulu, yogundana nthambi pamwamba. Kanjirako kakafika pafupi kankakhota n'kukazungulira. Ndinaseka ndekha. Anthu kukhala ndi malo okongola chonchi n'kumawalambalala! Ine ndinapatula udzu n'kulowa.

Munali zii. Mphepo ya kunja simkafika, masamba ouma anali ofewa kumapazi, ndipo kuwala kunkatsika pang'onopang'ono pakati pa nthambi. Nkhuni zouma zinali mbwee, zosatoledwa, pamene ine ndinkakumana ndi amayi atasenza mitolo kuchokera kutali. Apa ndinagomera. Ndinati n'zoona zimene amanena kuti anthu a kumpoto anapita kusukulu, taonani mmene akulemekezera chilengedwe.

Pansi pa mitengoyo panali milu ya dothi, yaitali ngati mphasa yopinda, itandandalikana, itamera udzu ndi ndere. Sindinavutike nayo maganizo. Mnzanga wa ku Katawa uja anali atandiuzapo kuti kwawo chinangwa amabzala pa milu, osati pa mizere ngati kwathu. Basi nkhani inatha: uwu unali munda wakale wa chinangwa, eni ake anausiya, mitengo n'kumera. Ndinasankha mulu waukulu umene unali pansi pa msuku, wokwera bwino, ndipo unakhala malo anga odziwongolera. Mwendo uwu pamwamba, kuwerama kakhumi, mwendo winawo, kenako kukhalapo n'kumamvetsera mbalame.

(Ndikudziwa, owerenga ena mwagwira kale pakamwa. Dikirani, sindinafike.)

Chimodzi chokha chinandikhumudwitsa. Pa milu ina panali zinyalala: makapu achitsulo adzimbiri, mbale zobooka, mapale a miphika. Ndinati alimi akale aja ankadyera pomwepo n'kusiya ziwiya zawo, ndipo si bwino malo okongola chonchi kuoneka ngati kudzala. Tsiku lotsatira ndinabwera ndi thumba. Ndinatola chilichonse, mulu ndi mulu, n'kukaziunjika bwinobwino pansi pa mtengo wa kumapeto. Ndinabwerera kunyumba ndikumva kuti ndachitapo kanthu pa dziko lino.

Potuluka tsiku limenelo ndinakumana ndi mayi wina atanyamula khasu. Ine kutulukira mu chifunga, wofiira kuyambira kukhosi mpaka kumapazi, thumba lili m'manja.

"Mwawuka uli, amama!"

"Chiuta wane!" anatero mayiwo, n'kupatukira m'munda mwa eni, osacheukanso.

Ndinaganiza kuti mwina Chitumbuka changa chikufunika kukonza pang'ono.

Akazi anga, amene anakulira kumudzi kwenikweni ku Ntchisi, anandimvetsera ndikuyamikira kankhalango kanga uku akusenda tomato.

"Mitengo yoti anthu sadula? Mutauni muno, makala akudula chonchi?"

"Anthu a kuno ndi ophunzira."

"Bambo a Chisomo, si manda amenewo?"

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinawafotokozera kuti manda ndimawadziwa, ndaperekeza maliro ambiri ku Lilongwe. Manda amakhala ndi ziliza, mitanda, maina olembedwa ndi nkhata za maluwa. Kwathu kuchigawo chapakati, inde, ukaona mitengo yowirira umadziwa kuti ndi kumanda, chifukwa kwina konse anadula kalekale. Koma kuno ndi kumpoto, mitengo imangomera paliponse. Ndinawauzanso za kabzalidwe ka chinangwa. Za makapu zija sindinatchule, chifukwa ntchito yabwino munthu sumailengeza. Iwo anangoti, "Chabwino, ndinu odziwa," n'kupitiriza kusenda tomato wawo.

Mvula itakhazikika, kankhalango kanga kanandilipira. M'mawa wina ndinapeza bowa atabuka, manyame ofiirira ali waa pa milu ija, makamaka pa mulu woyandikana ndi wanga uja. Ndinavula chipewa n'kudzaza. Akazi anga anauyang'anitsitsa, anaununkhiza, n'kuvomereza kuti ndi wodyedwa. Anautendera ndi nsinjiro, ndipo poti ndi munthu wodziwa kukhala ndi anthu, anapatulako m'mbale kukapereka kwa adada Gondwe.

Madzulo adada Gondwe anabweza mbale okha.

"Aneba, yewo chomene. Bowa uyu wandikumbutsa amama anga. Ndi mmene ankaphikira. Mwagula kuti?"

"Sindinagule, adada. Ndili ndi malo anga."

"Kuti?"

"Chinsinsi," ndinatero ndikutsinzina diso limodzi.

Mbale imeneyo inapita kwa adada Gondwe katatu. Kachitatuko ndi pamene matenda anga aja anadzuka. Ndinaona kuti si chilungamo munthu wokhala m'dera lino moyo wake wonse osadziwa chuma chimene chili kuseri kwa nyumba yake. Ndinawauza kuti Loweruka adzuke m'mawa, ndikawaonetse Mzuzu wawo.

Anadzukadi. Jekete, chipewa, ndodo m'manja. Tinatsika m'minda ndikuwatchulira maina a mbalame, ena ndikungopeka. Titawoloka dambo anayamba kuchepetsa mawu. Titayamba kukwera anachepetsanso liwiro.

"Aneba, kodi tikupita kuti?"

"Mufike muone, adada."

Pamene kanjira kamakhotera anaima n'kuvula chipewa. Ndinaganiza kuti chitunda chawatulutsa thukuta. Ine ndinapatula udzu monga mwa masiku onse, ndinalowa, ndinakwera pa mulu wanga, manja m'chiuno, n'kuyamba phunziro. Ndinawauza kuti uwu unali munda wa chinangwa. Ndinawauza kuti, poona kukula kwa mitengo, unasiyidwa kalekale. Ndinadumphapo kawiri kuwaonetsa mmene dothi lake lilili lolimba.

Iwo anali atasendera mpaka pa mtengo woyamba, chipewa chili pachifuwa.

"Aneba," anatero motsitsa, "tsikani."

"Musaope, adada, njoka mulibe. Ndimabwera tsiku lililonse."

"Tsikani. Mwaima pa adada anga."

Pali mawu ena amene amalowa m'khutu n'kukaima kaye pakhomo. Ndinayang'ana kumapazi kwanga. Ndinayang'ana milu ija, mmene inagonera yonse kuloza mbali imodzi, ina yaitali, ina yaifupi ngati ya ana. Masabata asanu ndinkaiona tsiku ndi tsiku, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinaiona. Sindikukumbuka kuti ndinatsika bwanji, ndimangokumbuka kuti nsapato imodzi inatsalira ndipo ndinachita kuikoka ndi kamtengo.

Anandiuza, mawu ake osakwera, kuti awa ndi manda akale a banja lawo, a nthawi imene kuno kunali mudzi tauni isanafike. Mitanda inali yamitengo, chiswe chinadya. Malowo atadzaza anayamba kuika kwina. Kenako ndinaona funso likubwera.

"Sono bowa uja?"

Ndinangoloza ndi chala mulu woyandikana nawo.

"Apo ndi amama," anatero.

Ndinaganiza kuti tafika pamapeto, koma maso awo anali akuyendayenda pa mitumbira ija ngati munthu wotaya kanthu. Anafunsa kuti makapu ndi mbale zili kuti. Ndinawatengera ku mulu wanga wa zinyalala. Mpaka apo nkhope yawo inali ya munthu wodabwa, koma ataona ziwiya zija zitasakanikirana, inasintha. Anati chiwiya chilichonse chinali cha mwini wake, chimene ankagwiritsa ntchito ali moyo, ndipo mitanda itatha ndi zimene zinkawauza kuti apa pagona ndani. Ine ndinali nditafufuta maina a mudzi wonse ndi thumba limodzi.

Tinabwerera kunyumba. Pa geti anaima.

"Nkhani iyi si yanga ndekha, aneba. Wamkulu amene watsala ndi adumbu anga, mlongo wanga wa ku Ekwendeni. Ndiwaitana. Akati muchoke pano, ine sindingawatsutse."

Akazi anga nditawauza sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anakhala pansi m'khichini, pasimenti, n'kuyang'ana kadimba kawo pazenera, mpiru utangoyamba kumera. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti bowa wa kumanda anaupereka ndi manja awo kwa mwana wa malemu. Kenako anati, "Makatoni aja sindinataye," ndipo anadzuka kukawatulutsa kunsi kwa bedi. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa chinthu chimodzi chokha chimene anandipempha ndi chimene ndinalephera.

Tinadikira masiku asanu. Sindinayende m'mawa ngakhale kamodzi, ndipo thilakisuti ndinaibisa pansi pa sutikesi. Nkhani inali itamveka kale. Mayi wa khasu uja, ndinamva, anali atauza dera lonse kuti kumanda kwa a Gondwe kumatuluka chinthu chofiira chopereka moni m'Chitumbuka chophotchoka. Lachinayi akazi anga anabwera ndi tambala wamkulu kuchokera kumsika n'kundipatsa malangizo.

"Mukakafika mukagwade, mukapereke nkhukuyi, mukapepese. Musakafotokoze chilichonse. Inu vuto lanu ndi kufotokoza."

ANyaGondwe, mlongo wa adada Gondwe uja, anafika Lachisanu pa kabaza wa njinga yamoto, atakhala chammbali, ambulera ili m'manja. Anali mayi wamfupi, wowuma thupi, amene anagulitsa usipa mumsika zaka zambiri, ndipo mawu awo anali ozolowera kupambana phokoso la msika. Anakhala pampando pakhonde la mlongo wawo, abale ena anayi atakhala pabenchi. Ine ndinagwada pansi ndi tambala wanga, akazi anga pambali panga.

"Ndinu amene mukuyendera akufa athu?"

"Ndine, amama. Ndalakwa. Sindinadziwe, chifukwa kwathu chinangwa..."

Akazi anga ananditsina pantchafu. Ndinatseka pakamwa.

"Munapitako kangati?"

"Tsiku lililonse, masabata asanu. Kupatula Lamulungu."

"Enya, Mkhristu. Munkakatani?"

"Ndinkakadziwongola."

"Kudziwongola n'kutani? Tationetsani."

Ndinayang'ana akazi anga, iwo anayang'ana kumbali. Ndinawapatsa tambala, ndinaimirira, ndinaika mwendo pa sitepe ya khonde n'kuyamba kuwerama. Bambo wa ana atatu, wa udindo wake mu ofesi ya boma. Nditafika kachinayi ndinamva wina pabenchi akulimbana ndi mphuno yake. ANyaGondwe sanaseke. Anandisiya mpaka kakhumi, ndipo anati ndisinthe mwendo.

Nditagwadanso anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Iwe, bowa unadya?"

"Ndinadya."

"Unali wokoma?"

Adada Gondwe anayang'ana pansi. "Chomene."

"Amama sankamana munthu ndiwo," anatero aNyaGondwe, ndipo apa benchi lonse linaphulika. Koma iwo anakweza dzanja, kuseka n'kuduka. "Mukuseka chiyani? Mlendo uyu, ndi uchitsiru wake, wapita kwa amama ndi adada m'mawa uliwonse masabata asanu. Iwe mwana wawo, ukugona apa pomwe, unapitako liti? Ziliza unalonjeza ukupuma ntchito zili kuti? Munthu angaone bwanji kuti ndi manda, ife eni ake titawasandutsa tchire?"

Ine ndinamva chisoni kuposa manyazi, chifukwa mkulu uja ankakalipiridwa pa mlandu wanga.

Chigamulo chinali chakuti nkhuku ailandira, ndipo m'mawa mwake banja lonse lipita kukalambula kumandako. Ine ndidzagwira khasu limodzi nawo, kenako ndidzabweza chiwiya chilichonse pamalo pake ndi manja anga omwe ndinachotsera. Za nyumba anati tidzakamba ntchitoyo ikatha.

Tinalambula mpaka dzuwa kufika pamutu, manja anga a mu ofesi n'kutuluka matuza. Kenako aNyaGondwe anakhala pafupi ndi mulu wa ziwiya zija. Ankatola chimodzi, kuchitembenuza, kutchula dzina, ine n'kuchinyamula ndi manja awiri kukachiika pamene aloza. Mbale iyi ya asekuru awo, agogo awo aamuna. Phale ili la azakhali amene ankaumba miphika. Zitatu sanazikumbukire, ndipo zimenezo tinaziika pansi pa mtengo. Palibe amene anandinena, koma ndinadziwa kuti anthu atatu asowa maina chifukwa cha ine.

Chomaliza chinali kapu yoyera ya mkombero wabuluu, yosupuka mbali imodzi. Anaigwira nthawi yaitali.

"Iyi amama ankamwera tiyi. Inasupuka apa ine nditaigwetsa ndili mtsikana, ndipo ananena kuti agwetsa okha kuti adada asandimenye."

Sanandipatse. Anaipereka kwa mlongo wawo, ndipo adada Gondwe anakagwada okha pa mtumbira uja n'kuiika. Anakhala pomwepo kanthawi, mapewa akugwedezeka. Ine, mwina koyamba m'moyo wanga, ndinalibe choti ndifotokoze.

Potuluka aNyaGondwe anagwira akazi anga padzanja.

"Mama, inu khalani m'nyumba muja, mulibe mlandu. Awa," anandiloza ndi ambulera, "muziwamangirira."

Nyumba ija tikadalimo. Mpiru uja tinadya, tinabzalanso wina. Kumanda kuja tsopano kuli ziliza ziwiri zoyera, ndipo tsiku lozivundukula anandiitana, n'kundikhazika kutsogolo ngati wachibale. M'dera lonse dzina langa lenileni palibe amalidziwa, onse amangoti a Bowa, mpaka a kabaza. Ndikabwera ndi kanthu kuchokera koyenda, kaya ndi magwafa, akazi anga safunsanso kuti ndathyola kuti. Amafunsa kuti ndathyola pa ndani.

Kuyenda sindinasiye, ndipo magazi anatsika, adokotala anandiyamikira. Ndimayenda mumsewu waukulu, pamene aliyense akundiona. Kungoti mwezi wathawu, cha kuseri kwa dambo lina, ndinaona kankhalango kena kokongola kuposa koyamba kaja. Sindinalowemo, ndaphunzira. Ndinangosuzumira pang'ono, ndipo mmene mitengo yake inakhalira, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti unali munda wa khofi. Ndinawauza akazi anga pa chakudya chamadzulo. Anangodzuka n'kukasuzumira kunsi kwa bedi ngati makatoni aja akadali bwino.